Sitepe Imene Ndinakulitsa

Lolemba, 12 Meyi

Adokotala apita kuchipatala. Mwezi wawo unali wamawa, koma matenda awayambira mu ofesi momwemo cha m'ma 11. Adalaivala awanyamula. Ine ndinangoti kakasi pakhomo ndi chikwama chawo m'manja, mpaka ndinachita kuthamangira galimoto kukawaponyera pawindo. Ambuye muwasunge, iwo ndi kanthu kali m'mimbako.

Asanakwere anandigwira mkono n'kunena kuti, "Amayi, kompyuta yapakona ija ndasiyira inu." Ine kalaliki wongokopera manambala a m'mafomu. Masamu a kusekondale ndinangokhoza mwachisomo, pamene iwo udokotala wawo ndi wa masamu omwewo, si wa odwala.

Ndilembe pano zimene anandiphunzitsa m'mawa pokonzekera tchuthi chawo, ndisanaziiwale.

Tinayeza madzi a mijigo 300. Yosayeza yatsala 600. Ina ili ndi mchere wosaoneka uja wodetsa mano a ana ndi kupinda mafupa. Kompyuta iyenera kutiuza kuti mwa yosayezayo yoipa ndi iti. Yoipa aipaka penti yofiira, anthu asamwe. Yabwino, yobiriwira. Galimoto ya penti inyamuka Lolemba likubwerali.

Pa sikirini pali mizere inayi yokhotakhota: wakuda, wabuluu, wotuwa ndi wachikasu. Adok. anati ndiganize anthu anayi osaona, awasiya malo osiyanasiyana m'dziko la zitunda ndi zigwa. Aliyense amafufuza ndi phazi kumene kwatsetsereka n'kuponda sitepe imodzi kulowera komweko. Akangoponda, wina amamukankha pang'ono, kulikonse, azidzandira ngati woledzera. Ndinafunsa kuti wokankhayo ndani, nanga munthu wosaona akumukankhiranji? Anaseka, amvekere ndi dala, kuti asakhazikike m'dzenje loyamba n'kumati wafika. Akayenda nthawi yaitali, kumene amapezekapezeka ndiye yankho. Anayiwo akayamba kupezeka malo amodzi, mizere imalukana ngati chingwe, ndipo kanambala kapakona kamatsika.

Ntchito yanga: kukopera kanambalako m'mawa ndi masana. Kakatsika pansi pa 1.01, ndidine batani losunga, ndisindikize mndandanda, ndipereke kwa abwana aakulu.

Anayambanso kunena za kabokosi kolembedwa sitepe, mmene muli 0.001. Anati sitepe yaing'ono imachedwetsa, koma... Foni yawo inalira, ndipo "koma" uja anathera pomwepo.

Masana: 1.66.

Lachiwiri, 13 Meyi

Kamtsikana. Opaleshoni. Kali m'kabokosi kotenthetsa, koma akuti kalira bwino. Amuna awo a Adok. atumiza uthenga woti foni aisunga iwo, wina asayerekeze kuimba za ntchito. Alemekezeke Mulungu.

M'mawa 1.61. Masana 1.60.

Mizere itatu yayandikana. Wachikasu uli wokhawokha m'mwamba, ukungoyenda zake. Ndauyang'ana mpaka maso kuwawa. Ndadzipeza ndikuupempherera ngati mwana wolowerera, kenako manyazi andigwira. Kodi mzere umapemphereredwa? Koma kuseri kwake kuli ana, ndiye mwina si tchimo.

Achipewa (abwana aakulu, chipewa savula ngakhale pamsonkhano, koma dzinali n'lakuseri) analowa kawiri. Kachiwiri anaima kumbuyo kwanga n'kufunsa ngati chapsa. Ndinati sichinapse bwana. Akuti Adok. anawalonjeza Lachisanu, ndipo alendo amene amathandiza ntchito yathu abwera Lolemba kudzajambula mjigo woyamba ukupakidwa. Potuluka ananena, ngati akuuza khoma, kuti mwezi wamawa aziona amene kontirakiti yake ipitirire.

Yanga ikutha mwezi wamawawo.

Adalaivala andipeza nditatsamira pa sikirini, amvekere asisi mwakwezedwa udindo, tsopano ndinu mlonda wa nyongolotsi zinayi. Ndinaseka, n'kubwezera maso pa sikirini.

Lachitatu, 14 Meyi

M'mawa 1.57.

Ndinatenga pepala. Kakutsika 0.04 patsiku. Kuchoka pa 1.57 kufika pa 1.01 ndi 0.56. Kugawa, masiku 14. Ndinabwereza katatu, katatu konse 14. Lachisanu lake liti?

Ndinapita nalo pepalalo kwa Achipewa. Sanaliwerenge. Akuti iwo za tizigawo sazidziwa, akudziwa za Lachisanu, ndipo ngati Adok. anasiyira ine ndiye kuti ndikudziwa chochita. Ndinafuna kunena kuti sindikudziwa. Pakamwa panatuluka "chabwino bwana".

Ambuye, ndilemba monga mmene zinachitikira, Inu munaona kale.

Mwezi watha, pamene Adok. ankayesa ndi mijigo yochepa, ndinawaona akuimitsa, akusintha nambala m'kabokosi ka sitepe, n'kuyambitsanso. Sanapemphe chilolezo kwa munthu, sikunagwe mphezi. Ndiye ndinaganiza: munthu akachedwa paulendo amatani? Amatalikitsa mapazi. Ngakhale wosaona, njira ikakhala yotsetsereka.

10 koloko itangokwana ndinaimitsa. Ndinafufuta ziro imodzi. 0.001 inakhala 0.01. Ndinayambitsanso.

Ndinayang'ana kukhomo ngati ndatola chinthu m'thumba la mwini. Koma ndaba chiyani? Palibe. Ndanama? Palibe amene wandifunsa. Sanandiletse. Sanandilolenso.

Masana 1.41. Wachikasu wayamba kutsika ngati waitanidwa ndi dzina.

Bambo a ana andifunsa chimene ndikudyera ngati mlendo. Ndati mutu.

Lachinayi, 15 Meyi

M'mawa 1.09. Itakwana 3 koloko, 1.004. Chingwe chimodzi, chachikasu osaonekanso pachokha. Ndinalowa m'chimbudzi kukagwada. Ndathokoza, koma sindikudziwa ngati ndathokoza chozizwitsa kapena chala changa.

Lachisanu, 16 Meyi

Ndasindikiza, ndapereka. Mijigo yofiira 17. Ina yonse yobiriwira.

Achipewa akondwa zedi. Anandiitana pamaso pa onse nthawi ya tiyi n'kunena kuti onani, anthu a madigiri amachulutsa zonena, mayiyu wamaliza tsiku lisanakwane. Anthu anaomba m'manja. Adalaivala amvekere kuyambira lero tizikutchani Apulofesa, mutigawireko nzeru ya nyongolotsi. Ine kumangomwetulira ngati mkwatibwi wokakamizidwa.

Zitini za penti zafika, aziunjika m'khonde. Zobiriwira zambirimbiri, zofiira ziwiri zokha.

Chondisokoneza ndi ichi. Masana ndikukonza tebulo la Adok. ndinapeza kapepala kawo kakale, kolembedwa ndi pensulo, kamene anayerekeza pongoona mapu: "yofiira, mwina 40 kapena kuposa". Ndiye 40 yasanduka bwanji 17? Mwina anangoyerekeza molakwa, n'chifukwa chake pali kompyuta. Mwina nkhani ndi yabwino, madzi ndi abwino kuposa mmene timaopera. Bwanji ndikukana nkhani yabwino? Kodi kumeneku si kuchepa chikhulupiriro?

Ndinabwezera ziro ija m'kabokosi ndisanaweruke, kuti pakhale monga mmene anasiyira. Pamenepa ndiye ndadziwa kuti pali chimene ndikubisa. Munthu wosalakwa sasesa mapazi ake.

Loweruka, 17 Meyi

Ndinatsagana ndi bambo a ana ku shopu yawo kukawathandiza kusita. Kunabwera mayi wina ndi diresi yong'ambuka m'khwapa, yosoketsa kwa telala wa tsidya lija la msewu, amene amalonjeza chovala tsiku lomwelo. Bambo a ana anaitembenuza n'kundionetsa msoko. Amvekere taona mayi mwana, singano akuidumphitsa ngati chule kuti amalize msanga. Powongoka pamaoneka bwinobwino, koma pokhota, m'khwapa ngati mumu, imangodumpha osagwira nsalu. Mwini wake amadzazindikira ali pakati pa anthu atakweza mkono.

Ndinapsereza kolala ya shati ya kasitomala wina. Bambo a ana anandikalipira pang'ono, kenako anandiyang'ana n'kusiya.

Titabwerera kunyumba ndinatulutsa mndandanda, ndinali nditasunga kope imodzi m'chikwama. Pali sukulu ina imene fomu yake ndinakopera ndekha mu Febuluwale. Ndimaikumbukira chifukwa woyeza analemba m'mphepete kuti ana a kalasi yonse mano ali bii ngati adya dothi. Mjigo wa pasukulupo tinauyeza, ndi woipa, palibe kukayika. Koma kuseri kwa mpanda wa sukulu yomweyo kuli mijigo iwiri yosayeza, ndipo yonse iwiri yatuluka yobiriwira. Madzi a pansi amadziwa mpanda? Kaya. Mwina amadziwa, ine za pansi pa nthaka ndizidziwira kuti.

Ndipo galimoto ikuyambira komweko Lolemba, chifukwa alendo akufuna chithunzi chokhala ndi ana.

Ndawauza bambo a ana zonse. Anafunsa ngati alipo anandiona. Ndinati palibe. Anati ndiye bwanji ukufuna kudzimangirira wekha, poti iwe sudziwa n'komwe ngati walakwitsa? Ntchito masiku ano siipezeka, ana awiri ali kusekondale. Sananene mwankhanza. Amanena zoona. Chovuta n'chakuti zoona zachuluka, ndipo sizikulukana.

Lamulungu, 18 Meyi

Ulaliki sindinaumve. Titatuluka ndinadikira Abusa kuchipinda chakumbuyo n'kuwauza kuti ndili ndi cholemetsa.

Anafunsa ngati ndaba. Ayi. Ngati ndi za banja. Ayi. Ndinati ndinakulitsa sitepe. Anandiyang'ana kumapazi. Ndinayamba kufotokoza za anthu anayi osaona ndi wowakankha uja, ndipo ndinaona nkhope yawo ikusintha, akuganiza kuti ndi maloto. Anafunsa ngati wokankhayo ndinamuona nkhope, ndi ngati ndi wachibale. Ndinati ayi Abusa, ali mu kompyuta. Pamenepo anapumira m'mwamba, anagwira mutu wanga, n'kupempherera ine, ofesi, kompyuta, ndi akhungu onse a m'dziko. Pomaliza anati ngati mtima sukukhazikikabe, ndipite kwa mwini wake wa chinthucho, poti iwo sangamasule chimene sakuchimva. Mawu amenewo okha ndi amene ndatola.

Ndinakwera basi ya kuchipatala ndi zovala zakutchalitchi zomwezo. Ndinagula sopo ndi timatewera kuti ndisalowe chimanjamanja.

Amuna awo anali pakhomo la wodi ngati msilikali. Anati moni yekha amayi, za ntchito ayi. Ndinavomera. Bodza lina limenelo, Ambuye, liwerengeni pamodzi ndi enawo.

Adok. achepa thupi, milomo youma, koma maso ndi omwe aja. Kamwana anakachotsa m'kabokosi dzulo, kanali kuchifuwa kwawo, kamutu ngati lalanje. Ndinakayamikira, ndinapereka sopo. Iwo ndi amene anayamba, monong'ona kuti amuna awo asamve: kanambala kali pati?

Ndinati 1.004, kuyambira Lachinayi, ndipo mndandanda unapita.

Sanakondwe. Anawerenga ndi milomo. Kenako anati sizingatheke.

Ndinagwada pansi pambali pa bedi. Mayi wa bedi linalo anatembenukira kukhoma kutipatsa ulemu. Ndinanena zonse, za masiku 14, za Achipewa, za ziro, ngakhale zoti ndinaibwezera Lachisanu kuti pasaoneke.

Ndimayembekeza kukalipiridwa. Iwo anangoti, "Dzukani amayi, pansipo m'pozizira. Yofiira yatuluka ingati?"

Ndinati 17. Anatseka maso.

"Koma" uja anamumaliza lero. Sitepe yaing'ono imachedwetsa, koma imalowa paliponse. Yaikulu imafika msanga, koma imadumpha timaenje tating'ono tozama, ndipo mijigo yoipa yambiri imabisala m'timaenje totero, iwiri apa, itatu apo. Ndinati nanga bwanji anayi onse anagwirizana? Anati chifukwa onse anayi munawapatsa mwendo umodzi womwewo, onse anadumpha mofanana. Kanambala kaja kamangoona ngati agwirizana, sikaona ngati akunena zoona.

Mboni zinayi, mawu amodzi, koma zonse sizinaone. Zimenezi ndinazimva msanga, zili m'Malemba.

Ndinafunsa ngati ndiye kuti 17 ndi yabodza. Yankho lawo landisokoneza kuposa zonse. Akuti sakudziwa. Mwina ndi 17, mwina 25, mwina 45. Akuti pali njira ina imene imayamba yafunsa sitepe iliyonse isanaivomere, n'kukana zodumpha, koma pa mijigo yochuluka chonchi kompyuta yathu yakaleyo siikanatha. Ndiye anasankha iyi, yodalira sitepe yaing'ono ndi kudikira.

Kenako anayang'ana kukhomo ngati amuna awo akumva, n'kunena kuti nawonso ali ndi chawo.

"Ndinawerengera tisanayambe. Mabuku amati pa sitepe imeneyo pafunika masiku 19. Ine ndinauza abwana kuti sabata imodzi."

Ndinafunsa chifukwa chake. Akuti mabukuwo amawerengera zoipitsitsa, kawirikawiri chinthu chimafika msanga kuposa mmene alembera, ndiye ankayembekeza mwayi. Komanso ankaopa kuti akanena 19, Achipewa adzati mimba yawachititsa ulesi n'kupereka ntchitoyo kwa wina. Ankati pofika Lachitatu aona mmene zikuyendera n'kukawauza zoona. Lachitatulo linawapeza ali gone m'chipatala.

Ine ndinapita kukalapa, ndabwerako nditalapiridwa. Sindikudziwa kuti tchimo langa lachepa kapena achuluka ndi ochimwa.

Anabwereka foni yanga n'kuimbira Achipewa kanayi. Yozimitsa, monga mwa masiku onse Lamulungu. Analemba uthenga woulula za masiku 19 aja, sunapite. Kamwana kanayamba kulira, amuna awo analowa n'kuona foni m'manja mwawo, nkhope inagwa. Ndikutuluka, Adok. anati galimoto ija isatuluke pageti mawa, ndipo ndinene kuti anena ndi iwo.

Ndinene kuti anena ndi iwo. Ndiye kuti za ziro ndingathe osazitchula, iwo asenza okha za masiku 19. Anandipatsa khomo lotulukira, dala, ndinaona m'maso mwawo. Munthu wa mabala osapola, mwana wa masiku asanu.

Bambo a ana akuti khomo likatseguka umatuluka, sufunsa kuti watsegula ndani. Koma posita shati yawo yamawa anandilanda simbi n'kunena kuti ndikapite ndi nsapato zafulati, poti mwina ndikaima nthawi yaitali.

Lolemba, 19 Meyi

Ndinafika 6 koloko isanakwane. Kiyi ya galimoto imakhala pamsomali kuseri kwa chitseko cha ofesi yathu. Ndinaichotsa n'kuiika m'chikwama. Kenako ndinayatsa kompyuta yapakona, ndinayambitsa zonse pachiyambi, pa 0.001. Zinandionetsa 2.31.

Opaka penti atatu anali atakweza kale zitini. Adalaivala analowa akuimba mluzu, anapapasa pamsomali, anayang'ana pansi, kenako anayang'ana ine.

"Apulofesa, kiyi."

Ndinati galimoto situluka lero.

Anaseka, amvekere nthabwala za m'mawa zimafuna tiyi. Ataona kuti sindikuseka anatsitsa mawu. Akuti asisi, alendo akhala ali pasukulu paja 10 koloko, ana aphunzitsidwa kale nyimbo, mukudziwa mmene Achipewa amakhalira. Kenako anafunsa kuti walamula ndani.

Dzina la Adok. linali pa lilime penipeni. Ndinati, "Ine. Mndandanda uja ndinauwononga ndine, Lachitatu."

Anatuluka, ndinawamva akuuza opaka penti kuti atsitse zitini, galimoto yadwala. Mmodzi anafunsa kuti yadwala chiyani, iwo anati matenda a akuluakulu, inu tsitsani.

Achipewa anafika 7 itadutsa. Anaona zitini pansi, anaona ine pakhonde. Uthenga wa Adok. unali utangolowa m'foni mwawo, anali akuuwerenga akuyenda. Anati ndiye kuti dokotala wathu anatinamiza. Ndinati bwana, uthengawo ndi theka, theka linalo lili ndi ine. Anafunsa kuti kiyi ili kuti. Ndinati ndili nayo, ndipereka mukandimva kaye.

Analowa mu ofesi yawo n'kutseka chitseko.

Ndikulemba ndili pabenchi panja pa chitsekocho. Akuyankhula ndi alendo pafoni, mawu aulemu okhaokha, ndamva "pepani" katatu. Sindikudziwa ngati akuwauza kuti tichedwa ola limodzi kapena masabata atatu. Adalaivala andiikira kapu ya tiyi pambali, yazizira.

Asiya kuyankhula. Mpando wakokedwa.

Andiitana. Kiyi ikadali m'chikwama.